Utomoni Unali Usanaume

Ndinagwira ntchito yocheka mitengo ya labala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo palibe kapitawo amene angaime pano n'kunena kuti Killion anali waulesi. Koma mitengo imakalamba ngati anthu. Chaka chino esiteti inagwetsa mitengo yonse ya mbali imene ndinkacheka kuti abzale ina, ndipo mtengo wa labala suchekedwa ukadali waung'ono. Anatiitana ku ofesi n'kutiuza mwaulemu ndithu kuti ntchito yatha, ndipo m'nyumba za antchito za pa laini titulukemo pofika kumapeto kwa mwezi. Mkazi wanga Pempho anangondifunsa funso limodzi: kwathu ku Thyolo tikalima pati? Kamunda ka mayi ake anagawana kale abale ake, ndipo malo otsala sangakwane ndi khola la nkhuku lomwe. Ine ndinangomukalipira, monga timachitira amuna tikasowa chonena.

Kutchalitchi ndi kumene ndinamva kuti loji ina ku Kande ikufuna munthu woyenda ndi alendo kutchire. Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi: kudutsa dambo lalikulu lili kuseri kwa minda ya chinangwa, kukwera mpaka ku nkhalango ya paini, n'kubwerera. Njira imeneyo ine ndinkaidziwa ngati khonde la nyumba yanga, chifukwa ndinkadutsamo popita kokatola nkhuni ndi bowa. Chimene chinandidzutsa m'mawa kwambiri Lachinayi kupita ku lojiyo chinali china: ntchitoyo inali ndi nyumba yake, ya zipinda ziwiri, kuseri kwa lojiyo.

Woyang'anira maulendowo anali Mayi Bridget Manda, Mtonga wa konkuno, wamfupi, wa maso osaphethira wamba. Sanafune n'kuona komwe kalata yanga yochokera ku esiteti.

"Mapepala sayenda m'dambo, ada," anatero, akunditchula bambo m'Chitonga chawo. "Loweruka tili ndi gesiti mmodzi. Inu mutsogole, ine ndibwere kumbuyo, sindiyankhula. Gesiti akaona zinthu, ntchito ndi yanu. Akapanda kuona, yewu, zikomo, tidzaonana kumsika."

Loweruka lija ndinavala magambuti, ndinaika m'thumba mpeni wanga wochekera labala, umene sindiusiya ngakhale popita kumaliro, ndipo ndinadula ndodo yabwino, yaitali kufika pachifuwa. Mlendoyo anali Bambo Stanley Kachale a ku Zomba, nkhalamba yowonda imene inapuma pa ntchito ya ku positi. Anali ndi chipewa chachikulu, magalasi oonera patali ali lende m'khosi, ndi kabuku kolembamo mbalame zimene aona. Ndinene zoona, ndinawaseka mumtima. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kudutsa dziko lonse la Malawi kudzangoyang'ana mbalame zoti sadya n'komwe! Koma nkhope yanga inali ya munthu waulemu.

Galimoto inatisiya pamene minda ya chinangwa imathera, dzuwa litangokwera pang'ono. Dambolo linali phee. Nthunzi inkafuka pamwamba pa madzi, gumbwa ndi bango zili zazitali kuposa munthu, ndipo njira inkayenda pa matabwa amene anayala m'malo a matope. Ine ndinalowa monga ndimalowera masiku onse. Ndodo kumanja, phwa! Ndodo kumanzere, phwa! Kukhosomola pang'ono, kupondaponda mwamphamvu pa thabwa, kenako kakhweru ka nyimbo ya kwaya. Umu ndi mmene munthu wanzeru amayendera mu udzu. Ndi mmene mayi anga anandiphunzitsira m'minda ya tiyi, ndipo tsiku limeneli, popeza ndinali ndi mlendo, ndinawonjezera mphamvu.

Patsogolo pathu chinthu china chinagwera m'madzi, khuvu!

"Imeneyo ndi ng'anzi, bwana," ndinawauza. "Musaope, ndaithamangitsa."

Bambo Kachale anakweza magalasi awo, n'kuwatsitsanso. Titayenda pang'ono, bango linagwedezeka ndipo tinangomva mapazi akuthamanga.

"Mbawala imeneyo. Yapita, bwana, njira ndi yabwino."

Mbalame zinkadzambatuka patali, gulu ndi gulu, tisanafike n'komwe. Nkhalamba ija inkazitsatira ndi magalasi mpaka khosi kupindika, koma inkangoona michira. Ine mtima unali m'malo. Ndinkadziuza kuti mayi ali kumbuyoyu akuona yekha kuti wapeza munthu wosamala alendo. Tinadutsa dambo lonse m'maola awiri popanda kanthu kalikonse kotiyandikira, ndipo ndinanyadira.

Titafika pouma, pansi pa mtengo wa mkuyu, tinakhala kuti timwe madzi. Bambo Kachale anatsegula kabuku kawo, anakayang'ana, n'kukatsekanso osalembamo kanthu. Mayi Manda, amene analonjeza kuti sayankhula, analephera kupirira.

"Ada Killion, mukuchita vichi kodi? Siriyasi, mukuchita vichi? Dambo lonse mwasesa ngati bwalo la sukulu!"

Mtima wanga unapsa pomwepo. Ine sindikalipiridwa pamaso pa mlendo.

"Mayi, kwathu wotsogola mlendo amalambula njira. Mkulu wanga Innocent anaponda mphiri m'munda wa tiyi, lero amayendera ndodo ziwiri. Mukufuna bambowa abwerere ku Zomba ndi mwendo umodzi?"

"Ndani wakuuzani kuti muziponda osayang'ana? Maso muli nawo. Ndodo ndi ya chiyani?"

Bambo Kachale anavula chipewa n'kupukuta mutu. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati akupepesa.

"Achimwene, ndathokoza pondisamala, ndipo za akulu anu ndamva chisoni. Koma zimene mukuthamangitsazo ndi zimene ndabwerera. Maso angawa adokotala akuti atsala ndi zaka zochepa. Ndikufuna ndizione zili pamalo pake, zisakudziwa kuti ndilipo."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndikanakonda akanandilalatira, chifukwa kulalata ndimadziwa kuyankha kwake. Mayi Manda anatenga ndodo yanga n'kuitsamiritsa pa mkuyu uja.

"Theka la tsiku latsala," anatero. "Mpaka pano gesiti sanaone chilichonse. Mwamva?"

Ndinamva. M'maganizo ndinaona Pempho ndi ana athu atatu ali pamsewu ndi mitolo, akudikira basi ya kummwera, ndipo ndinadzuka.

Kukwera kupita ku paini kunatitengera ola limodzi. Kuyenda kutchire opanda ndodo, opanda khweru, ndinkangodziona ngati ndatuluka m'nyumba osavala. Dzanja langa lamanja linkagwedezeka lokha, likufunafuna chomenya. Maso anali pansi, phazi lililonse ndikuliika ngati ndikuponda mazira. Kenako udzu unatha, kuwala kunasintha, ndipo tinalowa m'nkhalango.

Nkhalango imeneyo ndinalowamo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinaimva koyamba. Pansi panali masamba a paini ouma, ofewa ngati matiresi, moti mapazi athu sankamveka. Mitengo inaima mizeremizere, yaitali, yowongoka, ndipo dzuwa linkatsika pakati pake m'timizere toonda. Kumwamba mphepo inkalira ngati mvula ikubwera kutali, koma pansi panalibe tsamba logwedezeka. Fungo la utomoni linadzaza mphuno. Ndinkamva kupuma kwa nkhalamba ija kumbuyo kwanga, ndinkamva mtima wanga womwe. Ndinachita mantha, koma sanali mantha a njoka. Anali ngati aja amene amakugwira ukalowa m'tchalitchi chachikulu muli wekha pakati pa sabata.

Mayi Manda analiza chala pang'ono n'kuloza kumwamba. Anyani a mtundu wa nchima, asanu kapena asanu ndi mmodzi, anakhala panthambi akutiyang'ana, nkhope zawo zakuda, michira ili lende. Sanathawe. Mmodzi anali ndi mwana pamimba, kamutu kake kali suzu. Patapita kanthawi mayi yemweyo analozanso, ndipo nduwaluwa inauluka pakati pa mitengo, mapiko ake ali psuu ngati makala amoto. Bambo Kachale analemba m'kabuku, akumwetulira.

Ine sindinamwetulire. Zonsezo anaziona ndi mayiyo, osati ine. Ndinayesetsa kuyang'ana kumwamba, koma khosi la munthu wocheka labala silinazolowere kumwamba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi maso anga ankayenda pa thunthu la mtengo, kuyambira pachifuwa kutsika pa kapu yolandirira utomoni, mtengo ndi mtengo, mazana anayi tsiku lililonse. Ndikati ndikweze mutu, pakangotha mphindi maso abwerera okha pa makungwa. Ndinadzitukwana chamumtima. Ndinayamba kukonza mawu okamuuza Pempho.

Ndiye pa mtengo wina ndinaona mabala.

Anali pamwamba pang'ono pa chifuwa changa: mizere inayi mbali iyi, inayi mbali inayo, yotsika, yakuya mpaka kufika poyera. Si chikwanje chimenecho. Chikwanje chimadula, ichi chinang'amba. Ndinakweza dzanja ndipo anzanga aja anaima. Mayi Manda anayandikira, anayang'ana, n'kunong'ona.

"Kambuku. Amanola zikhadabo. Mabala otere ndimawaona chaka chilichonse, koma mwini wake zaka zisanu ndi chimodzi sindinamuonepo. Amadutsa usiku. Tiyeni."

"Dikirani, mayi."

Ndinakhudza bala limodzi. Utomoni unali wamadzimadzi, woyera ngati misozi, ndipo dontho lake linali litatsika kutalika kwa chala changa chapakati basi. Bala la usiku silikhala choncho. Likafika masana utomoni wake umakhala utalimba, utachita mbuu, nyerere zitakakamira. Koma paini si labala, ndipo sindinafune kunama. Ndinatulutsa mpeni wanga n'kucheka bala langa pambali, lakuya mofanana, pa mtengo womwewo, mbali yomweyo ya dzuwa. Ndinapempha Bambo Kachale kuti ayang'ane wotchi yawo. Tinaima tonse atatu tikuyang'ana dontho likutuluka, likukula, likuyamba kutsika. Patatha mphindi khumi linali litayenda gawo limodzi mwa magawo atatu a chala.

"Theka la ola," ndinanong'ona. "Pamene tinafika pano panali patangotha theka la ola. Sali kutali."

"Mukutsimikiza, ada?"

"Za mbalame sindidziwa, mayi. Koma mtengo sunandinamizepo."

Patsogolo, cha kumanzere kumene nthaka imatsetsereka, ndinapeza mtengo wachiwiri. Dontho lake linali lalifupi kuposa loyamba. Ndiye kuti analowera kumeneko, ku khwawa kumene kumadutsa kamtsinje. Apa miyendo yanga inayamba kukambirana zobwerera kunyumba. Thupi langa lonse linkafuna kukuwa, kuwomba m'manja, kumenya mitengo, kuti chilombocho chimve kuti kuli anthu chithawe. Ndinaluma mlomo.

Mayi Manda anaganiza kanthawi, akumva kumene mphepo ikuchokera.

"Mphepo ikubwera kwa ife, ndiye sangatinunkhize. Tifika pa mwala uli m'mphepete mwa khwawa, osapitirira. Tikhala pansi. Wina akadzuka kuthamanga, ndithana naye ndine, osati kambuku."

Tinayenda monyang'ama, nkhalamba ili pakati. Pa mwalapo paini ankathera, ndipo kutsidya kwa khwawa kunali mitengo yachilengedwe, yopiringizana, ndi miyala ikuluikulu. Pansi madzi ankayenda mwakachetechete. Tinakhala. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, koma kunali miyala, mithunzi ya masamba, ndi dzuwa basi. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri. Nyerere zinalowa m'gambuti langa n'kuyamba ntchito yawo. Pakhosi panayamba kuyabwa, chifuwa chikukwera, chija ndinachizoloweza ndekha zaka zonsezi. Ndinameza malovu, misozi ikutuluka. Ndinaona Mayi Manda akuyang'ana wotchi, ndipo ndinadziwa kuti akati tiyeni, zanga zathera pomwepo.

Pamwala waukulu kutsidyako panali malo amene dzuwa ndi mthunzi zinasakanikirana timadonthomadontho. Ndinali nditawayang'ana kale kakhumi. Kenako mbali imodzi ya timadontho timeneto inadzuka, inapindika kunsonga, n'kugonanso. Unali mchira.

Ndinagwira bondo la Bambo Kachale. Sindinaloze, ndinangotembenuza chibwano.

Kambuku anali pomwepo nthawi yonseyi, atagona pa mwala poyera, mtunda wosakwana theka la bwalo la mpira. Maso anga atamupeza, ndinadabwa kuti ndinalephera bwanji kumuona. Anadzutsa mutu, anayasamula, mano ali mbee, lilime lofiira. Anaimirira n'kudziwongola, miyendo yakutsogolo italowa pansi, msana utapindika, monga amachitira mphaka wa pakhomo. Koma uyu sanali wa pakhomo la munthu aliyense. Chikopa chake chinkawala ngati achipaka mafuta, ndipo akasuntha, minofu inkayenda pansi pa mawanga aja ngati madzi. Anatsika mwalawo osagwetsa ngakhale kamwala kamodzi. Anafika pa kamtsinje, anawerama, n'kuyamba kumwa. M'khwawa monse munali zii, moti tinkamva lilime lake likumenya madzi.

Ine ndinakulira kumva za kambuku ngati tsoka, chinthu chogwira mbuzi ndi kusiya maliro. Palibe amene anandiuzapo kuti ndi wokongola. Ndinakhala pamwalapo kukamwa kuli yasa, nyerere ndaziiwala, chifuwa chapita sindikudziwa kuti, ndipo ndinapezeka ndikupemphera, osapempha kanthu, kungotchula dzina la Mulungu basi.

Atamaliza kumwa anakweza mutu n'kutiyang'ana. Sindikukayika kuti anatiyang'ana. Maso ake anali achikasu, odekha, opanda mkwiyo, opanda mantha. Anatiyeza mmodzimmodzi monga mwini munda amayang'anira anthu odutsa m'malire mwake, madzi akudontha pa ndevu zake. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako anatembenuka, anayenda mapazi atatu kulowa pamthunzi, ndipo kunalibenso kambuku. Tsamba silinagwedezeke.

Tinakhalabe osasuntha. Nditatembenuka ndinaona kuti Bambo Kachale sanakweze n'komwe magalasi awo. Magalasiwo anali pachifuwa, misozi ikutsika m'makwinya mpaka kukolala ya malaya. Mayi Manda, mayi wa maso osaphethira uja, anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndamuona," inanong'ona nkhalambayo. "Ndi maso anga enieni, achimwene. Ndamuona."

Kenako tinauyamba wobwerera. Tinatsika phiri, tinadutsa pa mkuyu uja, ndipo cha m'ma fili koloko tinalowanso m'dambo. Ndinatsogola pang'onopang'ono, maso pa thabwa, kenako patsogolo, kenako pa thabwa. Njira inali yomweyo ya m'mawa, koma ndinali ngati ndalowa m'mudzi wa eni ake onse ali pakhomo. Ng'anzi yaitali ngati mkono wanga wonse inagona pa thabwa ikuwothera dzuwa, ndipo tinadikira mpaka inatsika yokha, mosafulumira. Akatumbu awiri ankasewera pa dziwe, akumira ndi kutumphuka, wina ali ndi nsomba kukamwa. Kakowa anaima ndi mwendo umodzi ali njo. Timbalame tachikasu tinkaluka zisa pa bango pafupi moti ndikanatha kutigwira. Pamalo ena njoka yobiriwira inali itadzikulunga pa gumbwa, kutalika kwa dzanja kuchokera pa phewa langa. Ndinaiona ine poyamba. Ndinaima, ndinailoza, thukuta lili kamukamu, ndipo tinailambalala. Iyo sinatilabadire n'komwe.

Chakumapeto kwa dambo mbawala yaimuna inatuluka mu bango, inatiyang'ana, n'kupitiriza kudya. Apo ndinalephera kupirira. Ndinatembenukira kwa Mayi Manda.

"Mayi, zimenezi zabwera liti muno?"

"Zakhala zilimo, ada. Zimangodikira kuti inu mudutse."

Anaseka pang'ono, koma ine sindinaseke. Ndinamva chisoni chachikulu, cha munthu amene wakhala ndi mnansi zaka zambiri n'kumudziwa tsiku la ukalamba. Ndinadutsa njira imeneyi ndi nkhuni pamutu kambirimbiri, ndikuimba, ndikumenya udzu, ndikudziyesa wochenjera.

Galimoto inatitsitsa pa msewu waukulu, pachipata cha loji. Bambo Kachale anandigwira dzanja ndi manja awiri, nthawi yaitali, kenako analowa. Mayi Manda anatsala, akuchotsa matope ku nsapato ndi kamtengo, osandiyang'ana.

"Mbalame simuzidziwa, nchima munazidutsa ngati zitsa, ndipo mtima wanu ndi wapafupi," anatero. "Zimenezo ndikuphunzitsani. Za mitengo zija mudzandiphunzitsa inu. Nyumba ndi yachiwiri kuseri kwa khitchini. Lolemba mubwere ndi banja lanu."

Ndinangogwedeza mutu. Iwo atalowa ndinaima m'mbali mwa msewu n'kuimbira Pempho. Foni inangolira kamodzi.

"Bambo a Wisdom, zayenda bwanji?"

"Sitichoka," ndinatero.

"Mwati chiyani? Sindikukumvani. Kwezani mawu, mukunong'oneranji?"

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira. Maminibasi ankadutsa akuliza mahutala, kondakitala akukuwa za ku Chintheche, wailesi ikulira m'golosale kutsidya kwa msewu, koma ine, Killion, amene mawu anga ankamveka kuchokera ku laini mpaka ku ofesi, ndinali ndikunong'onabe. Ndinayesa kukweza mawu, koma anakana. Ndinaphimba foni ndi dzanja, ndinaiyandikizitsa pakamwa, n'kunenanso pang'onopang'ono.

"Make Wisdom, sitichoka. Tikhala konkuno."